Amene Anatsegula Thanki ya a Gawron

Amuna amene amalowa m'sitolo ya nsomba ya malume anga muno mu Tarnów ndimawadziwa asanatsegule pakamwa. Ena amafuna nsomba yoopsa yoti anzawo azikaisirira akamamwa mowa, ena atumidwa ndi mwana ndipo akufuna yosafa msanga. Lucjan Gawron sanali m'gulu lililonse. Analowa Loweruka lina mu Novembala, chipewa chili m'manja, n'kuima pa thanki ya nsomba zasiliva zotchedwa bala pafupifupi theka la ola osayankhula. Ine Malwina, amene ndinalumbira banja langa litatha kuti za amuna ndasamba m'manja, ndinangozindikira kuti ndikupukuta galasi limodzimodzi kachitatu.

"Galasilo mulibowola," anatero osandiyang'ana.

"Inunso nsombazo muzimaliza ndi maso. Mukufuna zingati?"

"Imodzi."

"Imodzi sindigulitsa."

Apa ndiye anatembenuka. Anali wamtali, wa maso otopa, ndipo batani limodzi la jekete lake linali losokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Anandifotokozera kuti bambo ake, malemu a Edmund, anapanga okha thanki yagalasi ya mamita awiri ndi theka pabalaza pawo, n'kuikamo bala zisanu ndi zinayi. Bambowo anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo nsomba zinayamba kuwatsatira imodziimodzi chifukwa cha ukalamba. Inatsala imodzi yokha, yaitali ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, dzina lake Kapral.

"Chifereni mnzake womaliza, Kapral sakudya," anatero. "Amangobisala kuseri kwa chitsa. Wina akamenyetsa chitseko amakadziwomba pagalasi. Ndimati ndimugulire mnzake, akhale awiri."

"Awiri? Bambo inu, amayi anu sanakuphunzitseni kuti ziwiriziwiri ndi maluwa opita nawo kumanda?"

Anaseka, kuseka kwa munthu amene wakhalitsa osaseka. Ndinamuuza zoona zake. Nsomba zikuluzikulu zosambira pakatikati pa madzi zilibe phanga, zilibe una, pobisala pake ndi pakati pa zinzake. Ukaika ziwiri, yamphamvu imazunza yofookayo tsiku lonse mpaka kuipha ndi mantha. Zikakhala gulu, ndewu imagawanika, palibe imene imamva kuwawa. Kapral amafunika anzake asanu ndi mmodzi, okulirako ndithu, kuti onse pamodzi akhale asanu ndi awiri.

"Nanga izi za zipsepse zofiirazi?" Analoza thanki ina. "Zikuoneka zaulemu."

"Ulemu wake ndi wa lero. Zimakula ngati mbale ya nyama, ndipo zomera zonse zimene bambo anu anadzala zitha sabata imodzi."

"Zozungulira ngati ndalamazo?"

"Mbuzi za m'madzi. Kapral akufuna a mtundu wake, musamubweretsere alendo. Chivundikiro chilipo?"

"Chilipo. Magalasi atatu."

"Musadzachisiye chotsegula ngakhale foni ikulira. Bala ikadzidzimuka simathawira pansi, imalumphira kunja. Mwamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Komanso sindigulitsa nsomba zimenezi ndisanaione thankiyo ndi maso anga."

Lamulo limeneli m'sitolo ya malume munalibe. Ndinalipanga pomwepo, ndipo sindinachite nalo manyazi.

* * *

Tsiku lopereka nsombazo linali Lamulungu masana. Chitseko anatsegula ndi Mayi Leokadia, amayi ake a Lucjan, aafupi, a tsitsi loyera, atavala epuloni. Anayang'ana nsapato zanga, kenako chala changa cha mphete, n'kundiponyera masilipasi a alendo, aakulu, achimuna. Pakhomo pomwepo panali masilipasi ena apinki, aubweya, ndipo sindinachedwe kudziwa mwini wake. Mkazi wina anatsika masitepe atanyamula mbale ya pierogi, timitanda tophika tokhala ndi anyezi m'kati, n'kuwavala osayang'ana n'komwe.

Ameneyu anali Sabina. Amakhala m'nyumba ya pamwamba pa a Gawron, amagwira ntchito kogulitsa mankhwala, ndipo kwa zaka zinayi wakhala akubweretsera Mayi Leokadia mapilitsi awo, diso lili pa mwana wawo. Mkazi amene ali ndi masilipasi akeake m'nyumba ya mwamuna si munthu womuseka.

"Ndinu mayi wa nsomba uja?" anatero akumwetulira. "Ndinamva fungo ndili pamasitepe."

"Ndi madzi a m'matumbamu," ndinayankha. "Inuyo ndinakumvani ndi anyezi."

Tinayandamitsa matumba m'thanki kuti madzi afanane kutentha, n'kukhala patebulo kudikira. Apa Mayi Leokadia anayamba mlandu wawo.

"Amuna anu amagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndilibe mwamuna, amayi."

"Anamwalira?"

"Ali moyo. Ali ku Rzeszów ndi mkazi wina."

"Munamangitsa kutchalitchi?"

"Inde."

"Ndiye kuti mwamuna muli naye," anatero, akundithirira tiyi mwaulemu wonse.

"Amayi!" anatero Lucjan.

"Ndangofunsa. Kufunsa ndi mlandu?"

Sabina anali kalikiliki kudula keke, koma makutu ake ndinawaona akusangalala. Ndinadzuka n'kukatsegula matumba. Bala zisanu ndi imodzi zinalowa m'madzi, zasiliva, michira ili ndi mpendero wakuda, n'kuunjikana pakona. Lucjan anabwezeretsa magalasi onse atatu. Tinadikira mpaka tiyi anazizira. Kenako kuseri kwa chitsa kunatulukira mutu, kenako thupi lonse. Kapral anaima pakati pa madzi kwa kanthawi, n'kuyamba kusambira pang'onopang'ono kulowera kumapeto kwa thanki, ndipo ana aja anam'tsatira onse pamzere. Anafika kumapeto, anatembenuka, iwonso anatembenuka.

Lucjan anandigwira dzanja osaganiza. Sindinalichotse.

"Edmund ankakhala apo," anatero Mayi Leokadia motsitsa, akuloza mpando wina wakale. "Ankati nsomba zimenezi zimamveka bwino kuposa wailesi." Anapukuta m'maso ndi epuloni, kenako anaona manja athu, nkhope n'kuuma. "Sabina mwana wanga, wawonjezera keke a Lucjan?"

* * *

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo. Woyamba unali wa ntchito: "Kapral wadya." Wachiwiri unabwera m'mawa mwake: "Kapral wadyanso. Akufunsa ngati aphunzitsi abweranso." Ndinayankha kuti Kapral ali ndi pakamwa, afunse yekha. Pofika Lachinayi tinali titasiya kutchulana inu, ndipo ndinkapita kwa a Gawron kawiri pa sabata kukayeza madzi amene analibe vuto lililonse. Ndinamukonda munthuyu, ndinene mosabisa. Ndinamukonda chifukwa ankamvetsera mpaka ndimalize, chinthu chimene m'banja langa loyamba sindinalaweko.

Loweruka lachiwiri la Disembala tinakumana pabwalo la msika, pamene amagulitsa vinyo wotentha. Chipale chofewa chinali chitayamba kugwa.

"Ndawauza amayi kuti pa Wigilia ubwera," anatero.

Wigilia, mgonero wa pa 24 Disembala, suitanira munthu wamba. Ukakhala patebulo limenelo, n'kunyemerana mkate wopyapyala wa Khirisimasi ndi amayi a mwamuna, ndiye kuti nkhani yatha, mtundu wonse wadziwa.

"Anati chiyani?"

"Anati mbale ya mlendo wosayembekezeka imakhalapo chaka chilichonse, aliyense wodutsa akhoza kudyerapo."

"Ine si wodutsa, Lucjan. Mbale ya wopemphapempha sindidyera. Akafuna andiikire yanga, akapanda kufuna ndikadya kwa malume."

"Ndikudziwa. Ndipatse nthawi."

"Sabina abwera?"

"Amabwera chaka chilichonse. Alibe achibale kuno."

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo."

"Phanga ndili nalo limodzi," anatero, "koma lili ndi mlomo."

Ndinam'menya ndi golovesi. Tinayenda pang'ono, kenako anandiuza chimene chinkamudya. Amayi ake anayamba kuiwalaiwala. Makiyi anapezeka m'filiji. Mu Okutobala anasiya gasi wosatseka n'kupita ku Misa. Mlongo wake Aldona, amene amakhala ku Hamburg, anali atapeza kale malo kunyumba yosungirako okalamba, ndipo pa Khirisimasi ankabwera ndi mapepala ake.

"Ndinakana," anatero Lucjan. "Koma ndinamulonjeza Aldona kuti chikachitikanso china, ndisaina. Sindingakhale kuntchito mtima uli m'mwamba tsiku ndi tsiku."

"Amayi akudziwa?"

"Anamva tikukangana pafoni. Kuyambira tsiku limenelo amalemba chilichonse pakapepala."

Ndinawamvera chisoni mayi amene ankanditcha mkazi wa mwini. Sindinafune, koma chinandigwira.

* * *

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 22 Disembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, foni yanga inalira ndi nambala yachilendo.

"Mayi Malwina? Ndine Leokadia. Bwerani. Chonde bwerani msanga, musamuuze Lucjan."

Ndinathamanga jekete lili pamanja. Chitseko chinali chosakhoma. Pabalaza kapeti yense anali wonyowa, magalasi awiri a chivundikiro atatsamira khoma, ndipo m'thanki ya malemu a Edmund munali chinsomba cha karp, chonenepa, cha makilo atatu, chikuvundula timiyala ndi kuzula zomera. Bala zinali zitapanikizana pakona, zikunjenjemera. Ndinaziwerenga, zinali zisanu ndi imodzi.

Mayi Leokadia anali atagwada kuseri kwa sofa. M'manja mwawo munali Kapral, atakulungidwa m'kansalu kopukutira mbale.

Ndinamulanda, ndinamuviika m'madzi, ndinamuyendetsa uku ndi uku kuti madzi adutse m'makha mwake. Ndinachita zimenezi nthawi yaitali ngakhale ndinkadziwa. Thupi linali litauma kale.

"Mwatani, amayi?"

Nkhani inatuluka mosweka. Chaka chilichonse, chikwatiwireni, ankagula karp yamoyo ya pa Wigilia n'kuisunga masiku awiri m'bafa lija lokhala ngati chibeseni chachikulu, lodzaza madzi, kuti ichoke fungo la matope, monga amachitira aliyense. Koma chilimwe chathachi Aldona analamula kuti bafa lichotsedwe aikepo shawa, poopa kuti amayi angaterereke. Iwo anapita kumsika m'mawawo monga mwa nthawi zonse, anasankha nsomba yawo, anafika nayo pakhomo, n'kukumbukira ali pachitseko cha kubafa kuti bafa kulibe.

"Ndinaima ndi thumba m'manja ngati chitsiru," anatero. "Sabina amatsika kupita kuntchito. Anati, amayi, mukuvutikiranji, madzi si awa ali pabalazawa? Anandithandiza kuchotsa magalasi, n'kumapita. Nditangoiponya, nsomba zonse zinabalalika. Ndinamva kuti phwa kuseri kwa sofa, koma ndinkaganiza kuti ndi madzi. Ndinapita kukatenga chokolopera. Ndinaika tiyi pamoto. Ndinaiwala, mwana wanga. Ndinaiwala kuti ndamva kanthu."

Ukali umene ndinali nawo unali wokwana kugwetsa nyumba. Ndinkafuna kukwera masitepe, ndikathyole chitseko cha Sabina. Iyeyo analipo tsiku lopereka nsomba, pamene ndinabwereza chenjezo la chivundikiro. Koma mayi aja anandigwira mkono ndi manja onyowa.

"Edmund anandiletsa zaka makumi awiri, kuti karp isadzayandikire thanki yake. Ndinkadziwa. Mutu uwu ndi umene unandithawa. Lucjan akamva asaina, Aldona afika mawa. Kumene akufuna kunditumizako anthu amagona anayi m'chipinda. Ine ndinalowa m'nyumba muno ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinakunyozani patebulo langa, ndikudziwa. Ndilibe nkhope yokupemphani kanthu."

Anayang'ana m'thanki, milomo ikuwerenga. "Zatsala zisanu ndi imodzi," anatero. "Ziwiriziwiri katatu, nambala ya kumanda."

"Dzukani, amayi, mawondo azizira. Ndipatseni ndowa yaikulu."

Ndinaivuula karp ija, ndipo inandimenya ndi mchira kumaso ngati kuti wolakwa ndine. Ndinadzalanso zomera, ndinasintha madzi, ndinathira mankhwala poopa matenda a kudziwe, ndinabwezeretsa magalasi. Karp ndinaitengera kwanga pa takisi n'kuiika m'bafa langa, kenako ndinabwerera kukadikira Lucjan. Panjira yonse ndinkadziuza kuti ndimuuza zoona. Ine si munthu wabodza, ndipo mayi ameneyu si mayi wanga.

* * *

Anafika itangokwana 3 koloko, atanyamula mtengo wa Khirisimasi paphewa, akuimba mluzu. Anatiwona tonse awiri titakhala pasofa, anaona kansalu patebulo, mluzu unathera pakamwa. Anautsamiritsa mtengowo pakhoma n'kutsegula kansaluko.

"Zachitika bwanji?"

Amayi ake anatsegula pakamwa. Ndinaona kakapepala kawo ka zokumbutsa kakutuluka m'thumba la epuloni, ndipo mawu anatuluka mwa ine ndisanawapatse chilolezo.

"Ndine. Ndinabwera kudzayeza madzi, ndinachotsa magalasi, foni inalira ndipo ndinatuluka panja kukayankha."

Lucjan anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero china.

"Iwe?"

"Ine."

"Ngakhale foni ikulira. Unanena ndiwe, tsiku loyamba. Ndinachita kulemba pakhoma la kukhitchini kuti amayi asaiwale." Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakweza. "Ndani amaimba?"

Bodza lili ndi vuto limodzi, limafuna linzake. Sindinakonzekere funso limeneli, ndipo ndinachedwa kuyankha.

"Ndani amaimba, Malwina, woti mpaka ukayankhire panja?"

"Lucjan, mwana wanga," anatero amayi ake, "munthu amalakwitsa."

"Inu amayi musalowerere. Nsomba iyi bambo anaigula chaka chimene anapuma ntchito. M'chipatala, tsiku lomaliza, sanafunse za nyumba, sanafunse za Aldona. Anafunsa ngati Kapral wadya." Anakulunganso kansalu kaja bwinobwino. "Pita kaye, Malwina. Ndikayankhula pano ndiyankhula zoipa."

Ndinavula masilipasi achimuna aja, ndinavala nsapato zanga. Pamasitepe ndinakumana ndi Sabina akuchokera kuntchito. Anandiyang'ana m'maso ofiirawo, anayang'ana chitseko cha a Gawron, n'kumwetulira pang'ono.

"Mwatsanzika msanga lero, mayi wa nsomba."

Sindinamuyankhe. Ndikanayankha, lero bwenzi ndikulemba nkhaniyi ndili kundende.

* * *

Tsiku lotsatira foni inali zii. Ndinalemba uthenga kanayi n'kuufufuta kanayi. Ndinkasamba kumaso pasinki chifukwa bafa linali ndi mwini wake, ndipo ndikalowa kubafako karp ija inkandiyang'ana n'kumatsegula pakamwa. Ndinalira nditakhala pambali pake, ine mayi wamkulu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, kulira ndi mamina omwe.

Pa 24 m'mawa Mayi Leokadia anaimba. Ankanong'ona, ndipo chapatali ndinkamva mawu a mkazi wina akulamula za makatani.

"Aldona wafika. Mapepala ali m'chikwama chake, ndawaona. Koma Lucjan wamuuza kuti amayi ali bwino, palibe chachitika chichokereni Okutobala. Malwina, ndakuikira mbale. Osati ya mlendo, imeneyo ili payokha. Yako ndi ya maluwa abuluu, imene apongozi anga anandipatsa ine. Ili pafupi ndi ya Lucjan."

"Amayi, Lucjan sakundiyankhula."

"Tebulo ndi langa. Za kutchalitchi tikambirana ndi abambo mfumu chaka chikayamba, pali njira zake. Ubwere nyenyezi yoyamba isanatuluke. Wamva, mwana wanga?"

Chimene ndinachilakalaka mwezi wonse chinabwera, koma ndinalephera kusangalala nacho. Ndinafunsa za karp. Anati anamuuza Lucjan kuti anandipatsa ine kuti ndiwasungire popeza kwawo kulibe bafa, ndipo abwera kudzaitenga masana.

Ndinapesa tsitsi, ndinavala diresi yobiriwira, ndinaivula, ndinaivalanso.

* * *

Belu linalira 12 koloko itangodutsa. Pakhomo panali Lucjan, ndevu zosameta, ndipo kumbuyo kwake kunali Sabina atanyamula ndowa.

"Tabwera kudzatenga nsomba," anatero Lucjan.

"Ndangoperekeza," anatero Sabina. "Kugwira ndowa m'galimoto kumafuna anthu awiri."

Lucjan anatenga ndowa n'kulowa kubafa, ndipo tinamva madzi akukhavuka. Sabina anatsala pakhomo. Anayang'ana diresi yanga kuyambira kukhosi mpaka kumiyendo.

"Mwatchena. Mukupita kuti?"

"Kumene ndaitanidwa."

"Ndaiona mbale yanu." Anayandikira, mawu ake anali otsika komanso okoma. "Mvetserani, asisi. Ine ndasamalira mayi aja zaka zinayi. Ndawanyamula atagwa pamasitepe, ndawagonera kuchipatala. Inu mwabwera ndi matumba a nsomba mwezi watha, lero mukudyera mbale ya apongozi? Mukakhala patebulo lija, ndimuuza Aldona amene anatsegula thanki. Pamaso pa onse, supu asanazizire."

"Anatsegula ndiwe."

"Ine? Ndinali kuntchito. Akhulupirira ndani, ine kapena gogo woika makiyi m'filiji? Pofika Januwale adzakhala ali kumene kuja, ndipo adzadziwa kuti wawatumizako ndinu." Anandikonzera kolala ya diresi. "Mutu ukupwetekeni madzulo ano. Zimachitika."

Lucjan anatuluka ndi ndowa, manja a malaya atanyowa. Anamupatsa Sabina makiyi a galimoto.

"Tsogola, ndikupeza."

Sabina anazengereza, koma anatsika. Tinatsala awiri m'kakhonde kanga kopanikiza. Lucjan anapisa m'thumba la jekete lake lija la batani la ulusi wina, anandigwira dzanja, analitambasula, n'kuikamo kanthu kozizira. Anali mamba atatu, aakulu ngati ndalama zachitsulo.

"Dzulo ndimatsuka sefa ya thanki," anatero. "Ndinapeza awa. Bala ilibe mamba otere, Malwina. Ngakhale ine wophunzira wako ndikudziwa."

Ndinayang'ana mamba aja m'dzanja langa.

"Karp imene ili m'ndowayo yasupuka mbali imodzi. Ndaiona pompano." Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munalibe ukali, munali kutopa kokha. "Nsomba yafa, ndailira, ndaikwirira pansi pa mtengo kumunda wa bambo. Zimenezo ndikhoza kukhululuka, kaya wachita ndani. Koma sindingakwatire munthu amene amandiyang'ana m'maso n'kundinamiza, ngakhale atanamizira zabwino. Ndipo ngati ndi amayi, ndiyenera kudziwa. Lero ndi nsomba, mawa ndi gasi, ndidzawapeza iwowo kuseri kwa sofa."

"Ukadziwa usaina?"

"Ndiye kuti pali choti ndidziwe?"

Ndinali nditanena kale zambiri.

"Tikhala patebulo nyenyezi yoyamba ikatuluka," anatero. "Ubwere undiuze zoona tisananyemerane mkate. Ngati sungathe, usabwere, ndipo ndidzamva yankho lako." Anafika pachitseko, anaima. "Unkati kukwatira ndanena mwangozi? Mphete ili m'kabati chiyambireni Disembala."

Anatsika masitepe. Ndinamva Sabina akuseka panja, chitseko cha galimoto chikutsekedwa.

Mamba a karp ya pa Wigilia timaika m'kachikwama ka ndalama kuti chaka chikubweracho chikhale cha mwayi, ndipo amayi anga ankachita kukanganirana ndi azakhali. Ine ndinali nawo atatu m'manja, osadziwa kowaika. Ndikapita n'kunena zoona, mayi amene wanditcha mwana wake m'mawa uno akagona m'chipinda cha anthu anayi. Ndikapita n'kukhala chete, Sabina anena. Ndikapanda kupita, mbale ya maluwa abuluu ikhala yopanda munthu pafupi ndi Lucjan, ndipo iye amva yankho limene sindinapereke.

Ndinalowa kubafa n'kuzula chotsekera. Madzi anatsika mpaka anatha. Pawindo kumwamba kunali kopanda mtambo ndi umodzi womwe, ndipo mu Disembala kuno nyenyezi yoyamba sidikira 4 koloko.

Ndinavala nsapato.